Kalavani ya Toktosun Inayenda Yokha

Loweruka madzulo, m'paki ya m'mphepete mwa nyanja ya Isik-Kul munali phokoso la masiku onse. Ana ankathamangitsana pakati pa mahema, utsi wa nyama yootcha uli tolo. Jipara anali pakhomo la kalavani, akusenda anyezi.

Kalavaniyo inali kanyumba koyera ka matayala awiri, kamene mwamuna wake Toktosun anagula kwa mnzake wa kuntchito ku Bishkek. Ankainyadira ngati mwana wachisamba. Pofika Lachisanu anapeza malo a pansi pa mitengo atadzaza, choncho anakaiimika kumtunda, pa udzu wosalala pakati pa zitsamba zaminga, kutali ndi madzi komanso kutali ndi anthu.

Dzuwa likulowa, foni ya Toktosun inalira.

"Kubat galimoto yamufera panjira," anatero atadula. "Ndikamukoke. Ndibwera musanagone."

"Mng'ono wanu uja amangonunkhiza kumene kwapsa nyama, koma galimoto yake siifika," anayankha Jipara. "Ndiye mutisiya m'bokosi muno, ine, ana ndi Apa, mayi anu?"

"Bokosi? Anzako akugona pansi ngati nkhosa, iwe uli pabedi. Uziyamika."

Anamasula galimoto ku kalavani, natsekera matayala ndi miyala ikuluikulu, n'kuiponda ndi nsapato kuti ilimbe. Kenako ananyamuka.

Apa Burul, mayi ake a Toktosun, anali pampando wopinda, maso ali kumapiri. Chimwalirireni amuna awo mutu unasokonekera. Ankatha tsiku osalankhula. Jipara ndiye ankawasambitsa ndi kuwadyetsa, koma iwo sankamudziwa. Pomubwezera kapu yopanda kanthu ankati, "Zikomo, mayi a eni."

Anadya msuzi wa nkhosa ndi buledi. Tumar, mwana wamkazi amene anali atangoyamba sukulu, anagona atagwira khoko la chivwende m'manja. Ilim, wakhanda, anagonera pabere. Jipara anatseka chitseko ndi kiyi, nazimitsa nyali yaikulu. Kumunsi mawailesi anayamba kuzima imodziimodzi. Toktosun sanabwere.

Tulo tisanamutenge bwino, Jipara anamva makapu akugundana.

Anatsegula maso. Apa Burul anali chiimire pafupi ndi kabati, atavala kale jekete ndi mpango wawo woyera. Ankatenga kapu, kuikulunga m'kansalu, kuika m'chikwama. Manja amene ankanjenjemera pogwira supuni tsopano anali nji.

"Apa, kwada. Gonani."

"Dzuka, mpongozi," anatero osacheuka. "Mangira ana katundu. Tikusamuka."

Jipara anangoti kukamwa yasa. Mawu akuti mpongozi anali asanawamve pakamwa pawo kwa zaka.

Pomwepo kutsogolo kwa kalavani kunanyamuka. Pang'onopang'ono, mosamala, monga amachitira munthu wodziwa kumanga ngolo. Supuni inatsetsereka patebulo n'kugwa pansi. Kunja kunamveka mwala ukukokedwa pa udzu. Kenako wina.

"Bambo a Tumar?" anaitana Jipara. "Ndinu?"

Zii. Panalibe kulira kwa injini. Panalibe kuwala kwa nyali za galimoto.

Matayala anati kwee. Kalavani inayamba kuyenda.

Sinkathamanga ngati chinthu chogubuduka pa chitsikiro. Inkayenda mwa mapazi, kugwedezeka uku ndi uku, kukhota pomwe pali chitsamba. Jipara anafufuza foni pansi pa pilo, naimba.

"Tili panjira," anatero Toktosun. "Chingwe chinaduka, tachedwa."

"Kalavani ikuyenda."

"Ndi mphepo imeneyo. Iwenso mantha!"

"Ndikuti ikuyenda! Wina akutikoka!"

Toktosun anayamba kuseka, koma kusekako kunathera pakati.

"Jipara, mabelu amenewo akulira kuti? Kodi pali akavalo pamenepo?"

M'pamene Jipara nayenso anawamva. Timabelu tambirimbiri, tolira motsika, kutsogolo ndi kumbuyo. Foni inaduka.

Anagwada pabedi, nakweza katani ndi chala chimodzi. Magetsi a m'paki anali kutsalira kumanzere. Pafupi ndi zenera pankayenda nthiti za kavalo, katundu atamangidwa pamsana: mitengo yopindika ya hema, mphika wakuda, kabedi ka khanda kopanda khanda. Kuseri kwake kunali ngamila. Kunali amayi ovala nduwira zoyera zazitali, ana atakwera awiriawiri, nkhosa zosalira. Onse ankayang'ana kutsogolo. Ziboda zochuluka chonchija, koma pansi posamveka mgugu ngakhale umodzi.

Anatsitsa katani.

Apa Burul anali atakhala pabedi lawo, chikwama pamiyendo, nkhope ili ngwee ngati mtsikana wopita ku ukwati wa mnzake.

"Chisanu chayandikira," anatero. "Tikutsika kumapiri. Wamva belu lalikululo? Ndi la ngamila ya agogo anga."

"Apa, anthu amenewa ndani?"

"Usafunse mokweza. N'kupanda ulemu."

Dzanja linagunda khoma la kalavani. Silinagogode pachitseko. Linasisita khomalo n'kulimenya mwachikondi, phaphapha, monga mwini amenyera ng'ombe yake. Linayenda kuchokera kumbuyo kudzafika pomwe panali mutu wa Tumar. Pamenepo linaima.

Mawu a mwamuna wachikulire anamveka, osasa, osakwiya.

"A m'ngolomo, muli angati?"

Jipara anakumbatira Ilim, dzanja lina lili pakamwa pa Tumar amene anali atadzuka. Anayang'ana apongozi ake, akupukusa mutu mowachonderera. Apa Burul anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana ana. Kumwetulira kuja kunazimirira.

"Ndili ndekha," anayankha. "Ndine Burul, mwana wa Sarbagish."

"Tikumva mpweya wa khanda."

"Ndi kamwana ka nkhosa. Kadwala, ndakafunditsa."

Dzanja lija linachoka. Kalavani inapitirira.

Udzu unatha. Pansi pa matayala panayamba kulira timiyala, kenako mchenga. Fungo la nyanja linalowa m'ming'alu. Ndiye panamveka chimene Jipara ankachiopa: madzi akuti chubwi, chubwi, kumenya matayala. Kalavani siinaime. Posakhalitsa madzi ozizira analowa pansi pa chitseko, nayandamitsa nsapato za Tumar.

"Amayi, tikupita kuti?" analira Tumar.

Apa Burul anaimirira, natembenuza kiyi.

Jipara anawagwira mkono. "Simutuluka! Toktosun ndikamuuza chiyani? Anandisiyira inu!"

"Ukandigwira tipita tonse, mwana wanga. Kumene akupitako kulibe tsidya."

"Ayi, Apa. Ayi."

Apa Burul anakankha chitseko, nafuula ndi mawu amphamvu amene Jipara sankadziwa kuti anali nawo.

"Imani! Ngolo iyi ndi ya eni, ikulemetsa akavalo. Nditsika, ndiyenda pansi ngati anzanga!"

Kalavani inapendekeka. Tumar anatsetsereka pabedi kulunjika kukhomo lotseguka, kumadzi akuda. Jipara anali ndi khanda kudzanja limodzi, apongozi kudzanja linalo. Analibe dzanja lachitatu. Anasiya mkono wa Apa Burul n'kumuwakha mwanayo pa diresi.

Potukula mutu, pakhomo panalibe munthu.

Kutsogolo kwa kalavani kunagwa m'madzi, khuvu! Timabelu tija tinapitirira, kulowera mkati mwa nyanja, kucheperachepera mpaka zii.

Jipara anakuwa mpaka mawu kutha. Palibe anabwera. Anakweza ana pamwamba pa tebulo, iye naima m'madzi ofika m'mawondo, atawakumbatira. Sanayerekeze kutuluka, posadziwa kuzama kwa kunjako. Anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, ena kuwabwereza.

Kutayamba kuyera anaona kuti gombe silinali kutali. Pamchenga Toktosun ndi Kubat ankathamanga uku ndi uku akuitana maina. Anali atafika usiku, n'kupeza pamalo paja pali udzu wokhawokha, miyala ija itasanjikidwa bwinobwino pambali. Analowa m'madzi ofika m'chifuwa, natulutsa ana.

"Apa ali kuti?" anafunsa Toktosun.

Jipara anangoloza kunyanja.

Amene anawaona ndi bambo wobwereketsa mabwato m'pakimo. Patali ndithu, kumene ngakhale anyamata odziwa kusambira safika, pali thanthwe lotulukira pamadzi. Pamwamba pake panali kadontho koyera. Anapalasa bwato mpaka kumeneko. Anawapeza Apa Burul atakhala, miyendo atatambalitsa, chikwama pamiyendo. Jekete inali youma. Masokosi anali ouma. Ankalira mwakachetechete ngati mwana amene anzake amuthawa.

Pagombe anthu anali atadzaza. Alonda ankati mwina ndi anyamata oledzera. Wina anati kalavani imagubuduka yokha ikapanda kutsekeredwa bwino. Koma mkukuluzi wa matayala unkaoneka pa udzu, ukuzemba zitsamba, kukhota kuseri kwa zimbudzi, kudutsa pakati pa mahema awiri osakhudza chingwe ngakhale chimodzi. Mphondero za munthu kapena za chiweto panalibe.

Kalicha, mayi wogulitsa nsomba zowamba pageti, anamufunditsa Jipara bulangete, nalankhula chapansipansi.

"Achemwali, anakuuzani ndani kuti muime paja? Simunaone kuti m'paki modzaza chonchi, pokhapo m'popanda munthu? Ija ndi njira ya osamuka. Akale ankatsikira paja ndi ziweto chilimwe chikatha. Amati mudzi wina unatsika usiku wa chifunga, sunaone pokhotera. Mpaka lero amatsikabe. Chilichonse cha matayala akachipeza panjira amachiyesa chawo." Anayang'ana kumene kunali Apa Burul. "Koma wobwerako sindinamumvepo."

Masana anabwera ndi thirakitala kudzavuula kalavani. Itatuluka, anthu anabwerera m'mbuyo. Pachitsulo chokokera panali chingwe cholukidwa ndi ubweya wa mchira wa kavalo, chakuda ndi choyera, chomangidwa mfundo imene palibe anaidziwa. Toktosun analimbana nayo mpaka zala kutuluka magazi. Kubat anatulutsa mpeni.

"Usadule!"

Anali Apa Burul. Anayenda mwa kukwakwaza, nagwira nsonga imodzi, kukoka kamodzi kokha. Mfundo inamasuka. Anachikulunga chingwecho m'chiuno mwawo, mkati mwa jekete, namanga.

Anabwerera ku Bishkek pa galimoto. Kalavani anaisiya komweko. Apa Burul anakhala kumbuyo pakati pa ana, maso ali pazenera, dzanja lili m'chiuno. Anali atabwerera mwakale, osadziwa aliyense.

Nyanja itatsala m'mbuyo, Jipara anatembenuka.

"Apa, tiyeni titaye chingwecho. N'cha ndani?"

Apa Burul anamuyang'ana mwaulemu, monga ayang'anira mlendo.

"N'cha eni, mayi," anatero. "Sungataye. Chobwereka mwini wake amachilondola."