Bateriya Yomaliza pa Phiri la Moto

Ng'ombe ziwiri zolimira za amayi Celeste, Sapatu ndi Khwangwala, zinabedwa ku Ntengo-Wambalame mvula yoyamba itatsala pang'ono kugwa. Popanda izo, munda wa mbatatesi ukanangokhala tsala. Mapazi a ng'ombezo analoza kumadzulo, kumapiri a ku Macanga.

Anyamata a mamota, njinga zamoto, anadzipereka, koma a Bartolomeu, mchimwene wawo wa amayi Celeste, anakana. "Mota imalengeza yokha kuti ikubwera. Mbala zingobisala n'kutiyang'ana tikudutsa. Tipite pa njinga, ine ndi Octávio."

Octávio, mwana wa amayi Celeste, sanadikire kuuzidwa kawiri. Chibwerereni ku Maputo, komwe gulu lake la mpikisano wa njinga linatha, ankangozungulira pakhomo ngati tambala womangidwa mwendo. Anabwerako ndi njinga imodzi yokwerera mapiri, yodabwitsa mudzi wonse: inalibe waya wosinthira mudansa, ndiye kuti magiya. Ukadina kabatani pa chiwongolero, kamkono kolendewera pa gudumu lakumbuyo kankalira kuti "dzii" n'kusuntha unyolo kokha, mphamvu kakutenga m'kabateriya kochepa ngati bokosi la machesi.

"Kadzapirira miyala kameneka?" anafunsa a Bartolomeu, akumangirira thumba la chinangwa ndi mtedza pa njinga yawo yakale ya waya.

"Kapirira, amalume. Nkhawa yanga ndi bateriya. Magetsi anazima dzulo ndisanaidzaze."

Anatsika zitunda za ku Tsangano mphepo yozizira ikuwamenya kumaso, n'kulowa m'nkhalango ya mitsamba youma. Ndowe zinkawatsogolera. Octávio ankathamanga kutsogolo, n'kubwerera, n'kuthamanganso.

"Ukhala pansi liti, mphwanga? Miyendo imeneyo tiifuna mawa," anatero a Bartolomeu.

Pa chigwembe china cha miyala, njinga ya Octávio inaterereka, kamkono kaja kanagunda thanthwe kuti kha! Koma kanangopindikira mkati, kanalira pang'ono, n'kubwerera pamalo pake. Utoto wokha ndiwo unasupuka.

Mwayi wotere sunawagwere amalume. Mawa lake chitsa chinakola kamkono ka njinga yawo, kanapotoka n'kulowa m'masipoko. Octávio anayesa kukawongola ndi manja, kanathyokera m'manja momwemo. Anakachotsa, anafupikitsa unyolo, njinga inatsala ndi mudansa imodzi yolemera.

"Basi, pokwera ndizikankha," anatero a Bartolomeu.

Chinangwa chinatha. Anadya masuku ogwa pansi, omwe anyani anasiya, n'kumwa madzi a m'zithaphwi za mumtsinje wouma. Kenaka kanyali ka pa kamkono ka Octávio, komwe kankayaka mobiriwira, kanasanduka kofiira. Kuyambira pamenepo anayamba kuumira kudina kabatani monga munthu aumira mchere wotsiriza. Mitunda ankaikwera ataimirira, ntchafu zikuyaka, chala chikunyanyuka pa kabatani koma osadina.

Miimba ndiyo inawaonetsa malo. M'chigwa chaudzu wautali, pansi pa phiri, anapeza chikopa chakuda chitayanikidwa pa tchire, mutu wa Khwangwala uli pambali. Octávio anaugwira nyanga. Chapatali ng'ombe inalira.

"Sapatu ameneyo," ananong'ona a Bartolomeu. "Siya njinga, tikwawe."

Amuna atatu ankawamba nyama m'mphepete mwa khwawa, zikwanje zili pafupi. Sapatu anali womangidwa pa mtengo chakumtunda. A Bartolomeu anazungulira kuseri, nayamba kukuwa mayina a anthu omwe kunalibe: "Samuel, tseka kumunsi! Chikumbutso, itana apolisiya, awa ali apa!" Octávio naye anagubuduza miyala kutsetsereko. Mbala zinabalalika. Koma wotsiriza, pothawa, anatola chikuni chamoto n'kuchiponya mu udzu.

Mphepo inachita zotsalazo. Octávio anadula chingwe, Sapatu anathamangira yekha kuphiri, mchira uli m'mwamba. Pobwerera ku njinga anapeza amalume ali pansi, phazi litalowa m'una wa nguluwe, bondo litapotoka, buluku likufuka utsi. Anawazimitsa ndi dothi.

"Thawa, mwana wa mlongo wanga. Kwera upite."

"Khalani pa chishalo, mundigwire m'chiuno."

"Sitikwera phiri ili awiri!"

"Gwirani, amalume!"

Njinga ya amalume inatsala pomwepo. Njira yokha yotuluka inali kanjira ka ng'ombe kokwera kuthanthwe lopanda udzu. Unyolo unali pa mudansa yolemera. Octávio anaponda, njinga inangogwedezeka osasuntha. Moto unkathetheka kumbuyo, ziwala zikuwamenya m'makutu. Anadina kabatani. Dzii. Anadinanso. Dzii. Anadina kachitatu: zii, palibe. Kanyali kanazima.

Mudansa yopepukitsitsa sinafike, koma imene inagwirayo inali yoti munthu n'kulimbana nayo. Anaimirira pa mapedulo, amalume akumulemera kumsana, utsi ukumutsamwitsa. Gudumu lakumbuyo linkapala miyala, kamkono kakugunda mizu, unyolo osagwa. Sankaona kutsogolo; ankangomva belu la m'khosi mwa Sapatu likulira pamwamba, n'kulitsata. Atafika pathanthwe onse anagwera kumodzi, akutsokomola. Moto unafika m'mphepete mwa mwalawo, unanyambita, n'kukhotera kumpoto.

A Bartolomeu anayang'ana m'chigwa, pomwe matayala a njinga yawo ankatulutsa utsi wakuda. "Njinga ija ndinabwera nayo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Inanyamula amayi ako ndi mbuzi."

Kuchipatala cha ku Furancungo anafika amalume ali pa chishalo, Octávio akukankha, ng'ombe ikutsata pambuyo. Anamwino anati bondolo lichira koma a Bartolomeu atsale kaye. Octávio anakanena za mbalazo kwa apolisi, anadzaza bateriya pa kagolosale kena, koma pobwerera sanaigwiritse ntchito kwenikweni. Sapatu anali atatupa ziboda, ndipo ulendo wonse unayenda pa liwiro la ng'ombe yotopa. Poyamba Octávio ankaluma mano, akuyang'ana mitambo ikuunjikana kum'mawa. Kenaka anangozolowera kuyenda pambali pake, dzanja lili pa linunda.

Analowa m'mudzi madontho oyamba akugwa. Amayi Celeste anatuluka, anayang'ana ng'ombe, anayang'ana kumbuyo kwake.

"Achimwene ali kuti?"

"Ali moyo, amayi. Ali kuchipatala ku Furancungo, bondo lokha. Akuti musayambe kubzala mzere wokhota iwo kulibe."

Amayi anaseka misozi ili m'maso. Za Khwangwala sanafunse.

M'mawa mwake nthaka inali itafewa. Octávio anatulutsa goli n'kuliika pansi pakhomo pa khola. Sapatu anabwera yekha, anaima kumanzere monga mwa masiku onse, n'kutembenuza mutu kudikira mnzake. Octávio anayang'ana mbali yopanda kanthuyo kwa kanthawi. Kenaka anavula malaya, anapinda thumba n'kuliika paphewa, nanyamula mbali ya kumanja.

"Gwirani pulawo, amayi," anatero. "Tiyambe."