Bawuti Lopindika

Mtembo unagona chafufumimba pakati pa takisi yofiira ndi tebulo la zida, uli ndi bala kunkhongo. Mayi Sajeni anali atafufuza milandu yakupha mpaka kumera imvi, koma m'mawa umenewo mtima unawapweteka. Wophedwayo anali makaniko wawo, amene aliyense ankamutchula kuti a Dikirani chifukwa chokana kufulumizidwa pa ntchito.

"Mlandu watha kale, bwana," anatero wapolisi mnzawo. "Takisiyi ndi ya mwana wa malemuyu. Dzulo masana anakangana mpaka msewu wonse unamva. Tamutsekera."

Mlandu wotha msanga Mayi Sajeni sankaukhulupirira. M'chipinda chofunsira anapeza mwanayo, bambo wa ana awiri, maso ali psuu.

"Munakangana chiyani ndi bambo anu?"

"Mabawuti a mutu wa injini, mayi. Anali atagula kale atsopano, koma akuti ndidikire. Ine ndinakalipa kuti ana anga sadya kudikira. Mawu omaliza kwa bambo anga ndi amenewo."

"Anawagula kuti?"

"Sananene. Kawirikawiri ankagula kwa amalume."

Amalumewo, mlongo wa mkazi wa malemu, anali ndi sitolo ya masipeya kuseri kwa msika. Analandira Mayi Sajeni ndi mpando, ndi misozi yomwe.

"Mlamu wanga sanagule kanthu kuno mwezi uno," anatero. "Koma mwana uja, ngakhale ndi magazi anga, ndi wamtima wapachala."

Malume wopereka mwana wa mlongo wake asanafunsidwe n'komwe! Mayi Sajeni anabwerera kugalaja.

Kale, kagalimoto kawo kokalamba kanagonapo pamenepa, iwo akung'ung'udza ngati mwana uja. A Dikirani anawakhazika pa chigubu n'kuwalalikira. Bawuti latsopano, akuti, lifanane ndi lakale kutalika ndi mazinga omwe, ndipo nambala ya pamutu ndiyo imanena kulimba kwake. Akale ankawabaya pa katoni motsatira malo ake, atsopano pambali pake. Ndiye ankagula limodzi lapadera loti aliyese pa chopanira zitsulo. "Nambala ikhoza kunama, mayi, koma chitsulo sichinama." Tsiku limenelo Mayi Sajeni anayasamula mosabisa. Lero anathokoza kuti makutu alibe chitseko.

Katoni inali pansi pa tebulo. Mabawuti khumi akale analipo, koma mabowo a atsopano anali opanda kanthu. Wakuba wanji wosiya foni ndi zida n'kutenga mabawuti? Anavundukula chiguduli chamafuta chimene chinaphimba chopanira, ndipo apo panali bawuti lopindika ngati msomali wozula m'thabwa. Pamutu linalembedwa 10.9, nambala ya chitsulo cholimba, koma 9 wake anali woduka mchira.

Chitsulo cholimba sichipindika chotero: nambalayo inali yabodza. Madzulo apolisi anasecha sitolo ya masipeya ya amalume aja. Kuseri kwa mashelefu anapeza ndowa ya mabawuti wamba, hamala, ndi tizitsulo todindira manambala.

M'chipinda chofunsira, Mayi Sajeni anaika bawuti lopindika patebulo pamaso pa mwini sitoloyo, pambali pake chodindira cha 9 woduka mchira.

"Munati sanagule kanthu. Munatola khumi a pa katoni, koma ili munaliiwala."

Bamboyo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira kumutu.

"Ndinkagula ofewa n'kumadinda ndekha. Amakaniko enawa ankangomanga osafunsa. Koma mlamu wanga anandiitana atatseka galaja, akuti, 'Mlamu, ukapereka zimenezi kwa mwana wa mlongo wako, nanga achilendo umawapatsa zotani? Ndi a mateyala omwe umadinda? Upha anthu.' Anati mawa auza amakaniko onse, kenako apolisi. Ndinamugwadira kuti sitolo ndi dzina langa zitha. Iye anangotembenuka kuti atseke boneti. Sipanala inali pafupi."

"Ndipo mwana wa mlongo wanu akanafera m'ndende."



Mwana wa malemu atatulutsidwa, anagwira dzanja la Mayi Sajeni ndi manja awiri, osafuna kulisiya.

"Zikomo, mayi. Mwandiombola."

"Thokozani bambo anu. Ine ndangobwereza zimene anandiphunzitsa ndikuyasamula." Anamuyang'ana m'maso. "Sankakuchedwetsani dala. Anaona kuti chitsulocho n'chabodza, ndipo sanafune kuti chilowe m'galimoto imene mumadyetsera ana."

Bamboyo analira ngati kamwana, ndipo Mayi Sajeni anamusiya alire mpaka atakhuta.

Kenako anamutengera ku kagalimoto kawo kokalamba kuti akamutule kumaliro. Anthu apapolisi ankakaseka kuti n'koyenera kukhala khola la nkhuku. Mayi Sajeni anapotokola kiyi, injini n'kulira kamodzi n'kamodzi, monga inkachitira chichokereni m'manja mwa a Dikirani.

"Mwamva?" anatero. "Bambo anu amenewo."