Wonyamula Machira Amene Analembedwa Kuti Wathawa

Madzulo amenewo a Kalaliki anachita monga mwa masiku onse. Anapukuta nsapato, anapemphera, kenako anatsegula bokosi lachitsulo limene anabwera nalo kuchokera kunkhondo, kutsidya kwa nyanja. M'menemo munali buku la gulu lawo la asilikali, limene iwo ankalembamo monga mlembi wa gululo. M'mawa mwake anayenera kukalipereka kwa mmisiri wosema maina a akufa pamwala wachikumbutso.

"Bambo, bukulo ndiye mkazi mnzanga. Mugone nalo komweko," anatero akazi awo, nalowa kuchipinda.

Patsamba lina panali dzina la wonyamula machira. Tsiku limene gulu linawoloka mtsinje pothawa mizinga, iye anabwerera kukatenga wovulala, ndipo sanaonekenso. A Kalaliki anamuona ndi maso awo akubwerera. Koma lamulo linkafuna mboni ziwiri kuti munthu alembedwe kuti wafa, ndipo buku linkatsekedwa dzuwa lisanalowe. Analemba kuti: wathawa. Wothawa sasemedwa pamwala.

Pakati pa usiku anamva mapazi pakhonde. Nsapato zonyowa, zolemera, za munthu wobereka mnzake. Zinaima. Chinthu chinatulidwa pansi mosamala.

"Odi, a Kalaliki."

"Ndani?"

"Ndabwera naye wovulala uja. Mtsinje unadzaza, ndiye ndachedwa. Mundilembe kuti ndafika."

Madzi anayamba kulowa pansi pa chitseko. Mwezi wonsewo mvula sinagwe.

"Buku linatsekedwa," anatero iwo. "Ine sindifufuta. Sindinafufutepo."

"Mwana wanga wamera imvi, akumutchabe mwana wa wothawa." Mawu a pakhondewo anapitiriza: "Mboni yoyamba ndinu. Yachiwiri ndi uyu ndaberekayu."

Kunjako munthu wina anabuula.

A Kalaliki anagwira chitseko, natsegula.

Kutacha, mmisiri anawapeza pachipata pake ataima chilili, opanda nsapato, atanyowa mpaka pachifuwa. Buku lokha linali louma. Mawu aja oti wathawa anali atadulidwa ndi mzere umodzi wowongoka, pamwamba pake patalembedwa kuti: wafa akunyamula mnzake. Atapereka bukulo, a Kalaliki anapita kwa mwana wa malemuyo, chipewa chili m'manja, nagwada pabwalo anthu akuona.

Mmisiri anasema dzinalo osafunsa kanthu. Koma anthu amanong'onezana kuti pansi pa dzina la a Kalaliki, pamalo a mboni yachiwiri, pali chidindo cha chala chamatope, ndipo mpaka lero sichinaume.