Mbale za Kwa Madamu

Mailesi anakumana ndi Agostino pa siteshoni ya pa Chadiza boma, Lachinayi lina m'chaka cha 1994, mvula itangoyamba kumene. Mtsikanayu anali atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi dengu la mazira. Vaneti yoyera inaima pafupi, ndipo munatuluka mnyamata wamtali, malaya opisira, makiyi akulira pa chala.

Anagula mazira onse osanenerera. Kenako anafunsa ngati mwini dengu nayenso angapezeke.

"Mwini dengu ali ndi atate ake," anatero Mailesi, "ndipo ndi mkulu wa mpingo."

"Ndiye kuti ine kupemphera ndiyamba Lamulungu lomwe lino."

Mailesi anabisa nkhope m'chitenje n'kuseka. Atsikana anzanga, kuseka kumeneko ndiko kunamupweteketsa.

Agostino anali wa m'mabanja aja anathawa nkhondo ku Mozambique, koma iye khasu analitaya kalekale. Anali dalaivala wa malo odyera apamwamba ku Chipata, a mzungu wina wamkazi wa ku France. Dzina la pa chikwangwani palibe amene ankatha kulitchula, choncho anthu ankangoti Kwa Madamu. Lachinayi lililonse Agostino ankabwera ku Chadiza kudzagula mazira, nkhuku ndi bowa, ndipo posakhalitsa vaneti ija inaphunzira njira ya ku Mlolo, kwawo kwa Mailesi. Inkaima patali ndithu, kuseri kwa chigayo. Koma pa Mlolo ndani sadziwa zochitika kuseri kwa chigayo?

Sabata imene sanaonane, ankamusiyira kalata pa golosale. Ine ndinaiona imodzi ndi maso angawa, pepala la buluu, lonunkhira sopo.

"Nkhunda yanga, ndikamayendetsa galimoto ndimaona iwe pa galasi. Mtedza ukangokumbidwa ndituma ankhoswe. Ndikanama, njoka indilume."

Ina inati: "Iwe si wa dengu ayi, shuga wanga. Tsiku lina udzakhala pa tebulo la nsalu yoyera, anthu n'kumakutumikira."

Mailesi anali ndi zaka makumi awiri, sukulu analekezera giredi seveni, ndipo mawu otere anali asanawamvepo. Mukanakhala inu mukanatani?

Pofika mu Epulo, mtedza unali ukukumbidwa, ankhoswe osaoneka. Ndipo Mailesi anali ndi chinsinsi cha miyezi itatu m'mimba. Sanauze munthu, ngakhale mwini mimbayo. Anangouza amai ake kuti pali mnyamata wa ntchito yabwino amene atume anthu posachedwa, amaiwo n'kuuza atate ake, a Jonasi. A Jonasi anali mkulu wa mpingo wa Reformed zaka khumi ndi zisanu, ndipo ana a anzawo ambiri anawaimitsa mgonero pa mlandu womwewu. Mimba ikanaoneka ankhoswe asanafike, Mailesi akanadulidwa mu mpingo, ndipo atate akewo ukulu ukanathera pomwepo.

Ndiye Agostino atanena kuti Lachitatu amutenga akadye Kwa Madamu, mtima wake unakhala pansi. Anati m'maganizo, ndikamuuza komweko, ndipo tsiku la ankhoswe tikalipangana komweko.

Anabwereka nsapato zazitali kwa msuweni wake. Diresi anagula la salaula, lovalidwapo kale, lobiriwira, n'kulisita kawiri ndi simbi ya makala. Kunyumba ananama kuti akukaona azakhali ake odwala ku Chipata.

M'njira Agostino ankangolankhula. Anati Madamu apita ku Lusaka, koma akanakhalapo akanamukumbatira, chifukwa iye amamutenga ngati mwana wawo wobala. Anati antchito onse a pamenepo ndi abale ake enieni, popeza makolo ake anabwerera ku Mozambique nkhondo itatha.

"Ndiye kuti mukunditengera kwanu?" anafunsa Mailesi.

"Kwathu kwenikweni, mtima wanga."

Anafika dzuwa lili paliwombo. Abale, malo ake! Pansi ponyezimira ngati pathiridwa madzi, matebulo a nsalu zoyera, maluwa m'timabotolo, nyimbo yapansipansi yopanda ng'oma. Pa tebulo lina panali azungu awiri, pena amwenye a m'sitolo, onse akulankhula monong'ona ngati pali maliro.

Woperekera zakudya, Fanwell, wovala kataye kakuda, anamukokera mpando. Mailesi anaganiza kuti akuuchotsa, ndipo anaimirirabe mpaka Agostino anamukhazika. Pa tebulo lawo la pawindo Mailesi anapeza mafoloko awiri, mipeni iwiri, masipuni awiri ndi matambula atatu, zonse za munthu mmodzi. Anafunsa chapansipansi ngati pali ena amene akubwera. Agostino anaseka mpaka misozi, n'kumugwira dzanja pamaso pa anthu. Mailesi anachita manyazi, koma sanalichotse.

Choyamba kunabwera buledi wautali ngati mkono, wolimba kunja ngati khungwa. Kenako supu wa anyezi wokhawokha, pamwamba pali chizi chonanda chimene chinkatsatira sipuni mpaka kukamwa. Agostino anamuuza kuti pa tebulo la azungu paja akudya nkhono, ndipo Mailesi anayang'ana kumbali kuti asasanze. Nyama itabwera, anaidula n'kupeza m'kati muli mofiira, magazi akuyenderera m'mbale. Anafuna kunena kuti sinapse, koma kunyumba kwa eni sunyoza chakudya. Anadya mbatata zokazinga zokha, nyama n'kumaitembenuza.

Vinyo anakana. Agostino anafunsa ngati ndi chifukwa cha mpingo.

"Si mpingo wokha," anatero Mailesi. "A Tino, pali nkhani imene ndakhala ndikufuna..."

Asanamalize, Fanwell anafika, n'kuwerama n'kunong'oneza china chake m'khutu la Agostino. Nkhope ya mnyamata uja inasintha nthawi yomweyo. Anayang'ana chitseko cha ku khitchini, n'kuyang'ana wotchi, n'kunena kuti wakumbukira katundu wofunika kukatenga ku msika. Zotsekemera adzadya tsiku lina.

"Khala pompano, duwa langa. Ndikatenge galimoto kuseri. Ukamva hutala utuluke."

Anatuluka mofulumira. Fanwell naye anaitanidwa pa tebulo la amwenye.

Mailesi anatsala yekha, maso pa mbale zakuda zija. Tsono mwana woleredwa bwino wa pa Mlolo, wadya kwawo kwa mwamuna koyamba, angadzuke n'kusiya mbale pomwepo? Osakathokoza ndi ophika omwe? Mawa abale akewo adzati Agostino watola mkazi wotani? Anasanjikiza mbale, mafoloko onse pamwamba, n'kuvula nsapato zobwereka zija kuti asaterereke. Azungu aja anasiya kutafuna. Iye anadutsa mwaulemu, atawerama pang'ono, n'kukankha chitseko ndi phewa.

Kuseri kunali dziko lina. Kutentha, utsi, mapoto akulira, pansi ponyowa. Abambo awiri a zipewa zoyera anatembenuka n'kutsegula pakamwa. Mailesi anagwada, n'kuika mbale pansi, n'kuomba m'manja. Anathokoza chifukwa cha chakudya, n'kupempha kuti amuonetse potsukira.

Amene anayamba kuseka anali mai wina pa sinki, wowonda, manja otuwa ndi sopo, mwana wa chaka chimodzi ali kumbuyo. Sikunali kuseka konyoza ayi. Anamudzutsa, n'kumuuza kuti kuno alendo salowa, ndipo a kuno satuluka kukaona alendo, ndilo lamulo la Madamu. Anati dzina lake ndi Ana, ndipo lero linali tsiku lake lopuma, koma mnzake wadwala mwadzidzidzi, ndiye amuitana.

"Mwaleredwa bwino, asisi. Kwanu n'kuti? Wakubweretsani ndani?"

"Ku Mlolo. Ndabwera ndi a Agostino, adalaivala a pano," anatero Mailesi, akumwetulira pansi. "Ndiwo akufuna kunditumira ankhoswe."

Wophika mmodzi anatembenukira ku poto wake. Winayo anatuluka panja ngati waitanidwa.

Ana anatseka mpope. Anapukuta manja pa chitenje pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Kenako anatembenuka cham'mbali kuti nkhope ya mwana uja ionekere. Mphumi yomwe ija, makutu omwe aja.

"Domingos, apatse moni alendo a atate ako."

Mailesi anagwira m'mphepete mwa sinki. Anafuna kunena kuti mwina pali Agostino wina, koma mwanayo anali atamuyang'ana kale ndi maso amene iye ankawadziwa bwino.

Ana sanatukwane, sanamugwire diresi. Akanatero mwina zikanapepuka. Anangomuyang'ana kuyambira kumaso, pakhosi, mpaka pachifuwa, monga amayang'anira amai amene anaberekapo.

"Miyezi ingati?"

"Itatu," anayankha Mailesi, mawu osamveka bwino.

"Ine isanu." Ana anaika dzanja pa mimba yake. "Akudziwa?"

Mailesi anapukusa mutu.

Ana anamuuza kuti si woyamba. Madamu akangopita ku Lusaka, pa tsiku limene Ana akupuma, tebulo la pawindo lija limalandira mlendo. Chaka chatha kunali wa ku Katete, chaka cha dzana wina wa ku Zingalume. Nkhani zimamupeza pa sinki pomwepo mawa lake, chifukwa pa mbale zotsala amapeza tambula ya milomo yofiira. Iye anakwatiwa ndi Agostino ku tchalitchi, pamaso pa wansembe, ndipo kwawo ku Mozambique kulibenso wake wamoyo woti n'kubwererako.

"Zaka zinayi ndikutsuka mbale za tebulo limenelo. Mpando wake sindinaukhalepo. Koma mwa onsewo, wobweretsa mbale kuno ndinu nokha."

Panja hutala inalira kawiri. Kenako katatu.

"Akukuitanani," anatero Ana, n'kutsegulanso mpope.

Mailesi sanabwerere m'chipinda chodyera chija. Anatulukira khomo la kuseri, lotayira zinyalala, wopanda nsapato. Ali pa ngodya anaona vaneti itaima kumaso, Agostino akusuzumira pa windo, akupesa tsitsi ndi zala. Anafuna kuthamanga kukamufunsa kuti njoka ija imuluma liti. Koma afunse kuti amve chiyani? Bodza lina lokoma? Ndipo choopsa n'chakuti akanalikhulupirira. Anakhotera njira ina, n'kuyenda wapansi mpaka pokwerera malifiti a ku Chadiza.

Anakwera pamwamba pa lole ya matumba. Fumbi la msewu wonse linathera pa diresi lobiriwira lija, ndipo misozi inajambula mizere iwiri m'masaya. Mai wina anamufunsa ngati wachokera ku maliro. Iye anavomera.

Anafika pa Mlolo dzuwa likupendeka. Amai ake anali pakhonde akuswa mtedza, nkhope yowala. Sanafunse n'komwe za azakhali odwala aja. Anati atate ake auza kale abusa kuti chaka chino m'nyumba mwawo muli ukwati woyera, ndipo mbuzi yaikulu ija aipatula kuti ikhale ya alendo.

"Tsono atiuze tsiku, mwanawe, tikonzeke. Abwera liti?"

Mailesi anakhala pansi, pafumbi, pafupi ndi mapazi a amai ake.

"Mbuziyo ibwezereni m'khola, amai. Ankhoswe kulibe. Mwamunayo ali ndi mkazi, ndipo ine ndili ndi pakati."

Mtedza unagwa m'manja mwa amai aja. Sanalire, sanakalipe. Anangotembenukira ku tchalitchi, kumene kunkamveka mawu a a Jonasi akuphunzitsa a kalasi lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa chigololo, ana akubwereza pambuyo pawo.

"Akaweruka ukawauze wekha," anatero chapansipansi. "Ine pakamwa panga sipangathe."