Makombola a Ronil

"Mphepo ikulowera kumunda wa aneba athu a Brij Lal, ndipo nzimbe zauma gwa. Makombolawo musayatsire pano," anatero Sangita dzuwa likadali pamutu. Palibe anamumvera.

"Alamu, inu ngakhale nkhuku itatsokomola mumanyamula mwana n'kuthawa," anaseka Ronil, mng'ono wa mwamuna wake. "Ndichoke ku Auckland kudzaonera tinyali tadothi tokhatokha? Tauni yonse ya Labasa idziwe kuti ndafika."

Mwamuna wa Sangita, Naresh, anasekera limodzi. Sangita anangoluma mlomo, n'kupitiriza kupota zingwe zathonje zoika m'tinyalito. Sabata yathunthu anakhala akukwecha nyumba pokonzekera Diwali, chikondwerero cha nyali, kuti Lakshmi, mulungu wamkazi wa madalitso, adzaipeze yoyera, chitseko chili pululu. Kutayamba kuda, anandanda tinyali m'mbali mwa kanjira, monga mmene anthu anachitira kalelo pounikira mfumu Rama njira yobwerera kwawo. Maso ake sanachoke pa bokosi la makombola a Ronil.

Makombola awiri oyamba anakwera bwino. Lachitatu linapendekeka m'botolo, n'kuthamangira m'nzimbe. Moto unangoti lawilawi. Amuna anauthamangira ndi nthambi ndi masaka onyowa, koma unakazimira panjanji ya sitima yonyamula nzimbe utadya theka la munda.

Aliyense ankadziwa za nzimbe zopsa. Zikapanda kudulidwa m'masiku ochepa zimasasa, ndipo kufakitale amazibweza. A Brij Lal anali okalamba, okhala okha, ndipo odula nzimbe onse anali ndi minda ina yowadikira.

"Tseka chitseko, uzime nyalizo," ananong'ona Naresh atabwerera. "Palibe waona komwe lachokera."

"Ine ndinyamuka mawa, ndikadikirire ndege ku Suva," anatero Ronil, mawu atachepa.

"Sinditseka!" Sangita anakuwa mpaka mwana anadzidzimuka. "Ndakwecha nyumba ino mpaka manja kusupuka, lero ndiitseke pa Diwali chifukwa cha manyazi anu? Ndinanena ine masana! Munati chiyani? Nkhuku!"

Asanamalize, anaona munthu akubwera pang'onopang'ono pakati pa tinyali. Anali a Brij Lal, nkhope ili bii ndi mwaye, atanyamula mbale ya maswiti a laddu. Sangita anamukumbatira mwana zolimba, akudikira mawu oopsa.

"Mwana wanga, landira," anatero mkuluyo. "Ndinakonza m'mawa. Kupse kusapse, mbale ya Diwali sigona kukhitchini."

Dzanja lawo linali ndi matuza. Sanayang'ane Ronil, sanafunse kanthu. Anasisita mwana kumutu n'kutembenuka.

Ronil anakhala pansi pakhonde, akuyang'ana zikhatho zake zosalala.

"Achimwene, chikwanje cha malemu bambo chikadalipo?"

"Iwe kudula nzimbe?" anatero Naresh. "Ndi timanja ta pakompyutato? Pofika masana udzakhala ukulira."

"Ndikalirira komweko. Inunso mukubwera, munasekera nawo." Kenako anatembenukira kwa Sangita, osadzutsa mutu. "Alamu, tambala woyamba akalira mundidzutse. Dzuwa lindipeze m'munda mwa a Brij Lal."

Sangita analowa m'nyumba, anatuluka ndi chikwanje chadzimbiri ndi mwala wonolera, n'kuziika pamapazi pake.

"Kanoleni nokha," anatero. "Ine ndatopa."