Usiku Umene Orpha Sanaodire

Orpha Dunning anali atangolumikiza mkono umodzi wa malaya pamene mayi Cobb analowa m'khitchini n'kutseka chitseko ndi msana. Malayawo anali a Lyman Pruett, oti avale paukwati wawo Lamulungu. M'busa ankadutsa m'tauni ya Tabor kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo Orpha anali atatopa ndi kutchedwa "mkazi uja wokhala kwa Pruett" ngati alibe dzina. Mwamuna wake woyamba anamwalira zaka zitatu zapitazo. Iye ndi ana ake aakazi awiri, Ida ndi Cora, ankakhala kwa Lyman, kutsidya kwa mtsinje, koma masiku atatu pa sabata ankagona m'tauni, akuchapira ndi kuphikira alendo a mayi Cobb.

"Siya makinawo," anatero mayi Cobb. "Anyamata a Hargis akudya uko. Agula chingwe chatsopano kusitolo."

"Agule. Ng'ombe ali nazo zambiri."

"Si cha ng'ombe, chitsiru iwe, n'cha khosi la munthu! Akuti mwamuna wakoyo wadulanso waya kumtsinje. M'bandakucha akhala ali pakhomo pako."

Waya uja analidi atadulidwa. Hargis, mwini ng'ombe wolemera wa m'deralo, anatchinga mtsinje wonse ndi waya waminga ngati madzi anawalenga yekha, ndipo ng'ombe zisanu ndi imodzi za Lyman zinalira ndi ludzu mpaka munthu anatenga chodulira. Orpha anamuletsa kawiri. Mwamuna akamva ng'ombe yake ikulira, makutu omvera mkazi amatseka.

Anakulunga malaya, mkono wotsala uja, ulusi ndi sizasi m'kansalu, n'kutulukira khomo lakuseri. Anathamangira kukhola la a Tuttle, obwereketsa akavalo.

"Akavalo onse akutsimphina lero, mayi," anatero a Tuttle, osadzuka n'komwe pampando.

"Onse khumi ndi awiri?"

"Matenda ake ndi otero. Amagwira tsiku lomwe anyamata a bwana Hargis ali m'tauni." Analavula fodya pafupi ndi nsapato ya Orpha. "Mukasowa mkwati Lamulungu mundiuze. Jekete ndili nayo."

"Jekete muli nayodi, a Tuttle. Chikusowa ndi mwamuna woti alowemo."

Ndiye anauyamba wapansi. Mamailosi asanu ndi atatu, dzuwa litalowa kale.

Poyamba mkwiyo ndi umene unkamuyendetsa. Anatukwana Hargis, anatukwana Tuttle, anatukwana Lyman ndi ng'ombe zake zowonda, ndiponso nsapato yakumanzere imene inkamudya chidendene. Nyali za m'tauni zitazimirira kumbuyo, zotukwana zinatha. Kunatsala udzu, mphepo, ndi mwezi wong'ambika wosathandiza aliyense. Kutali mimbulu inkayankhana. Mimbulu sinamuvute, ankaidziwa. Chimene sankachifuna ndi mlatho.

Pamlathopo pali nyumba yakale ya munthu amene ankalipiritsa ngolo zowoloka. Denga linagwa kalekale. Kuseri kwake kuli manda asanu kapena asanu ndi amodzi, a anthu amene sanafike kumene ankapita. Masana ana amaseweramo. Usiku ngakhale kavalo amafuna chikwapu kuti adutse.

Orpha anafika pamenepo miyendo itayamba kulemera. Anayang'ana pansi, n'kufulumira.

"Mwachedwa, mayi."

Mtima unalumpha! Pa mtanda wa m'mbali mwa mlatho panakhala munthu. Analibe kavalo, analibe nyali. Anavala chijasi chakale cha usilikali, chipewa atachikokera kumaso, dzanja lamanja atalipanikiza pachifuwa ngati wabisa kanthu. Khutu lake lakumanzere linali lodukira pakati.

Orpha analowetsa dzanja m'kansalu, nagwira sizasi. Dzina sanafunse. Kuno munthu safunsidwa dzina, akafuna amanena yekha.

"Ndachedwadi, bambo. Mundipatse njira."

"Mukupita kwa Pruett." Silinali funso. "Ndi uthenga."

Munthuyo anatsika n'kuyamba kuyenda pambali pake. Orpha sanamuitane, komanso sakanatha kumuthamangitsa. Anakwera pamlatho limodzi. Matabwa ake ndi akale, amalira ngakhale akaponda galu. Gu, gu, gu... Orpha anamvetsera. Mapazi awiri okha. Ake.

Anadziuza kuti ndi mphepo. Anadziuza kuti anthu ena amaponda mopepuka.

"Nanenso ndinaperekapo uthenga kumeneko," anatero mlendoyo atawoloka.

"Anaulandira?"

"Anandilandira bwino zedi. Sindinaiwale."

Anaseka pang'ono, kuseka kouma kopanda mpweya. Kunkazizira, ndipo Orpha akapuma nthunzi inkatuluka m'kamwa. Anayang'ana pakamwa pa mnzakeyo. Panalibe kanthu. Fungo lokha. Dothi lonyowa... ndi wonga.

Anawonjezera liwiro. Munthu uja sanatsale. Anachepetsa. Munthu uja sanapitirire. Mimbulu inali italeka kulira.

Anayenda chomwecho mtunda wonse wotsala, osalankhulana, mpaka denga la nyumba ya Lyman linaoneka pansi pa chitunda. Munali mdima, mopanda nyali ngakhale imodzi. Orpha anaima pa mpanda, nakoka mpweya kuti afuule. Ngakhale mwana wongoyamba kuyenda amadziwa kuti usiku sufika pakhomo la munthu usanaodire uli patali, n'kudikira akuyankhe.

"Musaodire."

Mawuwo anamvekera pakhutu penipeni, ozizira ngati chitsulo.

"Awiri a Hargis afika kale. Agona m'chigwa kuseri kwa khola. Mukafuula amva, ndipo sadikira kucha. Muli ana m'menemo, si choncho?"

Orpha anameza mawu ake. Ida ndi Cora. Nyumba yamatabwa, denga louma, machesi amodzi basi.

"Dzerani kuchitsime. Mwakachetechete. Mulunjike pazenera, mugogode pang'ono." Mlendoyo anatsegula chipata ndi dzanja lamanzere. Lamanja silinachoke pachifuwa. "Pitani. Ine ndionerera pompano."

Zinamveka zanzeru. Ndiye vuto lake la mantha, chilichonse chonenedwa motsitsa mawu chimamveka chanzeru. Orpha anakumbatira kansalu kake, nawerama, n'kuyamba kunyang'ama.

Galu wa pakhomopo sanauwe. Bwanji galu sakuuwa?

Anacheuka kamodzi. Munthu uja anali chiimire pachipata. Chipewa anali atachikweza. Mano onse pamtunda... akumwetulira.

Mapazi khumi. Chitsime. Zenera lili apo, lakuda, lotsekula pang'ono. Mapazi ena asanu. Kanthu kakang'ono kananyezimira pazenerapo...

Khwengwerere! Mwendo unalowa m'ndowa, ndowa inagubuduka, ndipo Orpha anapita pansi chammbali. Pakamwa panatseguka pokha, Hargis yense ataiwalika.

"A Lyman inu! Ndowa iyi ndinakuuzani kangati?"

Phuu!

Moto unatuluka pazenera. Kansalu kanathothoka m'manja mwake ngati wina wakamenya ndi chibonga. M'nyumba ana anayamba kukuwa. Chitseko chinatseguka ndipo Lyman anatuluka chothamanga, wopanda nsapato, mfuti ikufuka utsi.

"Orpha! Mulungu wanga, Orpha! Ndakulasa?"

"Mwalasa malaya anu omwe. Ndidzutseni, musangoima ngati mtengo."

Anamunyamula n'kumukokera m'nyumba. Kenaka mantha anasanduka ukali.

"Bwanji osaodira? Wapenga? Galu amupha ndi nyama yapoizoni masana ano, ine chikhalire pazenera kudikira anthu a Hargis, iwe n'kumabwera chokwawa ngati mbava! Ndinaloza pachifuwa, Orpha. Ukanapanda kugwa..."

"Tsitsani mawu, ali m'chigwa kuseri kwa khola."

"M'chigwa muti? Muli ng'ombe zathu m'menemo, ndazibisa ndekha madzulo. Mukanalowa munthu zikanabalalika."

Orpha anatonthoza ana, nawabwezera pabedi, nawafunditsa. Atabwerako anamuuza Lyman za chingwe chatsopano ndi za m'bandakucha, n'kumuuza kuti amange chishalo msanga apite kulinga la asilikali, akakhale kumeneko mpaka woweruza adzabwere. Lyman sanatsutse. Anayamba kuvala jombo.

"Koma wakuuza zosaodira ndani?"

"Bambo wina. Ndamupeza pamlatho, wandiperekeza mpaka pachipata."

Lyman anasuzumira pazenera. Pachipata panalibe munthu, chinali chotsekula basi, chikugwedera ndi mphepo.

"Wotani?"

"Wamtali. Chijasi cha usilikali. Khutu ili n'loduka. Dzanja silichoka pachifuwa, ngati akumva kuwawa."

Jombo yachiwiri inagwa m'manja mwa Lyman. Anakhala pansi penipeni, msana kukhoma.

"Anakuuza kuti udzere kuti?"

"Kuchitsime. Ndilunjike pazenera."

"Ndi mmene anadzera iyeyo. Wiley Stamps. Nyumba ino tinamanga awiri. Khutulo linadulidwa kunkhondo, ine ndili pambali pake. Usiku wina anamva m'tauni kuti akuba akavalo akubwera kuno, ndiye anathamanga kudzandichenjeza. Sanaodire, kuopa kuti akubawo angamve. Ndinaona mthunzi pachitsime..." Analoza zenera ndi chibwano. "Pomwepa. Anafa kukucha, akunditukwana. Anati tsiku lina ndidzadziwa mmene zimawawira. Ndinamuika ndekha pamlatho paja, manda achitatu kuchokera kumsewu. Zaka zisanu ndi zinayi zapita, Orpha."

Orpha anamuyang'anitsitsa. Munthu amene ankati amukwatira Lamulungu, amene iye ankamudziwa ngakhale mmene amalizira mkonono, anali asanatchulepo dzina limeneli ngakhale kamodzi.

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikutunga madzi pamenepo."

"Ndinkafuna kukuuza."

"Munkafuna. Valani jomboyo. Za Wiley wanuyo tidzakamba mukadzabwera ndi khosi lanu lili lonse. Mudzere kumtunda, kowolokera ng'ombe. Pamlatho ayi."

"Nanga iwe ndi ana?"

"Akufuna inu. Akapeza mkazi ndi ana awiri, adya nyemba zanga n'kumapita. Mfutiyo tengani, ndaiona kale ntchito yake."

Lyman anafuna kumugwira dzanja. Orpha anamupatsa buledi ndi nyama yankhumba m'malo mwake. Patapita kanthawi anamva kavalo akutuluka m'khola, ziboda zikunka zichepa cha kumtunda, mpaka zii.

Anapiringidza chitseko, natseka zenera, nayatsa nyali n'kuitsitsa. Tulo panalibe, ndipo kungokhala manja ali pamiyendo sanakuzolowere. Anamasula kansalu kaja. Chipolopolo chinali chitaboola malaya opindawo malo anayi, kuwiri kutsogolo, kuwiri kumsana, m'mbali mwa mabowo muli mwakuda. Nsalu yatsopano, yoyera. Anapukusa mutu, nadula kachigamba kumunsi, n'kulowetsa ulusi pasingano.

Panja chingwe cha pachitsime chinalira. Kwiii... kwiii... ngati wina akutsitsa ndowa pang'onopang'ono. Ndowa ija inali ili gone pabwalo pomwe inamugwetsera.

Orpha sanadzutse mutu.

"Amene muli panjapo," anatero, "muodire."

Kunja kunati zii. Analuma ulusi, nayamba bowo loyamba. Mkono wachiwiri uja unali ukadali pathebulo.