Amene Anatentha Nkhokwe ya ku Olikhovka

Chipsereni nkhokwe ya mudzi wa Olikhovka, Glafira chakudya sichinkamulowa. Fungo la tirigu wopserera linali m'zovala za aliyense, ndipo akhwangwala sankachoka paphulusa lija, lakuda bii pakati pa chipale choyera.

Mudzi unagwirizana kuti wolakwa ndi Yefimu, nkhalamba yolondera nkhokweyo, yomwe sinkasiyana ndi kaliwo ndi botolo la mowa. Amuna anasaina kalata yoti aithamangitsire ku Siberia, dera lakutali lozizira koopsa, ndipo woyamba kusaina anali a Prokhor, atate ake a Glafira.

Koma mtsikanayo, wa zaka khumi ndi zinayi, ankadziwa zoona zake. Atate ake anamutuma kukataya tiana tagalu titatu kumtsinje. Iye anakatibisa m'nkhokwemo, n'kutiikira mphika wa makala kuti tisafe ndi chisanu. Amayi ake atamuitana, anathamanga osauchotsa mphikawo.

Wapolisi anafika Lamlungu lomaliza Lenti asanayambe, tsiku limene aliyense amagwadira mnzake kupempha chikhululuko. Potuluka m'tchalitchi, anthu anapeza ngolo yoyenda pachipale itaima, Yefimu ali pambali pake, unyolo uli m'manja.

"Tsanzikani msanga, mdala," anatero wapolisiyo. "Ulendo ndi wautali."

Yefimu anawerama pamaso pa khamulo. "Ndikhululukireni, anthu a Mulungu."

"Mulungu akhululuka," ena anayankha monyinyirika.

"Mukasutire zimbalangondo kaliwo wanuyo," anatero mayi wina. "Ana athu adya phulusa chaka chino?"

Nkhalambayo inafika pamene panaima Glafira, n'kugwada pachipale. M'manja mwake munali zilonda za moto.

"Undikhululukire nawenso, Glasha," inatero, pomutchula Glafira dzina lake lapaubwana. Kenaka inanong'ona: "Tiagalu tako ndinatitulutsa. Tili kuseri kwa nyumba yanga. Uzikatipatsa mkaka."

Glafira anaiyang'ana m'maso. Kani nkhalambayi inkadziwa masiku onsewa.

"Ayankhe agogo, mwana iwe," amayi ake anamukodola.

 M'malo monena mawu a mwambo aja, Glafira anatembenukira kwa a Prokhor. "Atate, nkhokwe ija ndinatentha ndine. Ndinasiyamo makala."



"Akungondimvera chisoni, musamumvere," anatero Yefimu.

"Ayi agogo. Mphika wake ndi wa amayi, wosweka pakamwa uja. Akaupeze m'phulusamo."

Wapolisi anapukusa mutu. "Ine ndanyamula kalata, ndipo kalata ilibe makutu. Mukanene kwa woweruza kutauni." Anakweza Yefimu m'ngolo, n'kumapita.

Maso onse tsopano anali pa banja la a Prokhor, ndipo anthu anayamba kuwatalikira pang'onopang'ono. A Prokhor anayang'ana dzanja lawo lamanja, lomwe linasaina kalata ija, nthawi yaitali.

"Kavale nsapato zako zaubweya," anauza mwana wawo motsitsa mawu. "Ukanena wekha. Ine ndikaima pambali pako, poti nanenso ndili n'zanga zokanena."

Mlanduwo unatenga milungu isanu ndi iwiri. Yefimu anabwerera pa Pasaka akutsokomola, zala ziwiri zakuphazi zitaduka ndi chisanu. A Prokhor anagulitsa ng'ombe yawo kuti amangenso nkhokwe, ndipo atsikana anzake a Glafira analeka kumulankhula. Iye tsiku lililonse ankanyamula msuzi wa kabichi kupita nawo kwa nkhalambayo.

Tsiku lina anaifunsa: "Agogo, munakhaliranji chete?"

Yefimu anatsokomola kwa nthawi asanayankhe. "Ndinkaona ngati ndine munthu wakutha kale, woti atachoka palibe angazindikire. Koma utalankhula paja, Glasha, m'ngolo muja ndinayamba kuopa imfa. Ndinafunitsitsa kubwerera kwathu."

Anamwalira m'nyengo yokolola, nkhokwe yatsopano isanafoleredwe. Amene anamutseka maso anali Glafira.